Ndachotsa noise pa chithunzi cha agogo, koma nkhope yawo yasanduka ya chidole. Ndalakwitsa pati?

MayiNamzeze
Moni nonse. Nthawi zonse ndimangowerenga za anzanga pa gulu lino, koma lero ndabwera ndi vuto langa. Ndili ndi zithunzi zinayi za agogo anga aakazi zimene ndinawajambula madzulo m'chipinda chawo, kuwala kunali kwa babu limodzi lachikasu basi. Agogowo anatisiya miyezi iwiri yapitayo, ndiye zithunzizi ndi zomaliza. Abale akufuna nditsukitse chimodzi chachikulu choti tipachike pakhoma.

Nditachitsegula pa kompyuta ndinapeza chadzaza noise, timadontho ngati wina wawazapo mchenga, ndipo pakhoma la kumbuyo kwawo pali zigamba zofiira ndi zobiriwira zomwe m'chipindamo munalibe. Ndinajambula pa ISO 6400, shutter (nthawi yolowetsa kuwala) 1/60, aperture (kabowo ka lens) f/4, kamera ya APS-C ya 24 megapixel. Chinatuluka chakuda, ndiye mu pulogalamu yokonzera zithunzi ya Lightroom ndinakweza Exposure ndi +2, kenako n'kukoka slider ya Luminance mpaka 100. Timadontho tinathadi, koma amene ali pachithunzipo si agogo anganso. Makwinya onse apita, masaya asalala ngati a chidole cha pulasitiki, imvi zaphatikana ngati thonje. Kodi chithunzichi chingapulumuke?

Tsekwe
Pepani kwambiri mayi ndi imfa ya agogo. Musanagwirenso slider ina iliyonse, tiuzeni kaye: fayilo yake ndi RAW, ija yosakonzedwa ndi kamera, kapena JPEG?

MayiNamzeze
Zikomo bambo. Kamera inasunga zonse ziwiri. Ndakhala ndikukonza ya JPEG chifukwa ndi imene inatseguka msanga.

Tsekwe
Ndiye mtima ukhale m'malo. JPEG ija isiyeni. JPEG imakhala kuti kamera yaikonza kale mwa nzeru zake, yachotsako noise ina, yanola, kenako yapanikiza fayilo, ndipo timadontho totsala timakhala titaphwanyika n'kukhala zigamba zovuta kuchotsa. Komanso ili ndi 8-bit, masitepe 256 okha pa mtundu uliwonse, pamene RAW imakhala 12-bit kapena 14-bit, masitepe 4,096 kapena 16,384. Pokweza malo amdima, kusiyana kumeneku n'kwakukulu.

Kadzidzi
Mayi, pepani. Chithunzi sichinawonongeke, Lightroom sikhudza fayilo yeniyeniyo. Tsegulani RAW ija tiyambire pachiyambi.

Zimene mukuonazo ndi matenda awiri, ndipo lililonse lili ndi mankhwala ake. Zigamba zofiira ndi zobiriwira zija ndi noise ya mtundu, slider yake ndi Color. Mchenga uja ndi noise ya kuwala, slider yake ndi Luminance. Ya mtundu ndi imene imanyansa kwambiri m'maso, koma ndi yosavutanso kuchotsa, chifukwa diso la munthu silitha kuona tinthu ting'onoting'ono ta mtundu monga limaonera kusinthana kwa kuwala ndi mdima. Mutha kuichotsa ndithu osataya kanthu kooneka. Ya Luminance ndiye yofunika dzanja lofewa. Pulogalamu siidziwa kuti aka ndi kadontho ka noise, aka ndi kabowo ka pakhungu, ili ndi khwinya. Kwa iyo zonsezi ndi malo amene kuwala kwasintha mwadzidzidzi, ndiye mukaiuza 100 imasesa zonse pamodzi. Inu munasiya yosavutayo n'kukankha yoopsayo, ndipo si zachilendo, chifukwa pa JPEG slider ya Color imayambira pa 0, pamene pa RAW imakhala kale pa 25.

Chitani chonchi. Kulitsani chithunzi pa 100%, poti muziona diso limodzi ndi kachigawo ka khoma. Kwezani Color pang'onopang'ono mpaka zigamba zithe, n'kuimira pomwepo. Muziyang'ana milomo ndi maso, mukapitirira muyeso mtundu wa milomo umazilala kapena kudumphira pakhungu. Kenako pitani pa Sharpening. Pa RAW imakhala kale pa 40, ndipo imanola chilichonse, ndi noise yomwe. Gwirani batani la Alt mukukoka Masking: chithunzi chisanduka chakuda ndi choyera, ndipo poyera pokhapo ndi pamene panoledwe. Kokani mpaka patsale mizere ya maso, mphuno ndi tsitsi, khoma lide bii. Mudabwa kuti mchenga wachepa kale musanakhudze n'komwe Luminance. Pomaliza ndiye kwezani Luminance, mwina pakati pa 15 ndi 25. Mukangoona khwinya loyamba likufifitika, bwererani m'mbuyo pang'ono. Mchenga wina utsala, ndipo utsale.

Gologolo77
Abale, zonsezi n'zakale. Masiku ano kuli AI. Mu Lightroom momwemo muli batani la Denoise kuyambira Epulo 2023, kulinso DxO PureRAW, kulinso Topaz. Kungodina kamodzi, chithunzi chayera mbee. Mukuwavutitsiranji mayiwa ndi ma slider?

Kadzidzi
Achimwene, zida zimenezo ndimagwiritsa ntchito sabata iliyonse, ndipo pa RAW zimachita zimene slider singathe. Koma kagwiridwe kake ka ntchito n'kosiyana. Slider imangosalaza zimene zilipo. AI inaphunzitsidwa pa zithunzi zambirimbiri, choyera ndi cha noise moyandikana, ndiye ikakumana ndi noise imalosera kuti pansi pake payenera kukhala chiyani. Pamene zizindikiro zilipo zokwanira imalosera bwino. Pamene noise yakwirira zonse, imaikapo zimene zimapezeka kawirikawiri pa nkhope za anthu, osati pa nkhope ya munthu ameneyu. Pa chithunzi cha galimoto kapena nyumba sindidandaula. Pa nkhope ya munthu amene sitingamujambulenso ndimayenda mosamala.

Mlenje_wa_mbalame
A Kadzidzi akunena zoona, zinandichitikira. Ndinajambula kambalame m'nkhalango dzuwa litalowa, ISO 12800, kali patali ndithu. Ndinadutsitsa fayilo mu pulogalamu ina ya AI pa mphamvu yonse, ndipo chinatuluka chokongola moti ndinasangalala. Nditatumiza kwa mnzanga wodziwa mbalame anandifunsa kuti timizere ta pachifuwa tachokera kuti, poti mtundu umenewu ulibe timizere. Nditabwerera ku RAW ndinapeza kuti panalibe timizere, panali noise basi. Pulogalamu inaluka nthenga zake. Kuyambira pamenepo ndimaika chotsukacho ndi choyambirira pambali ndi pambali ndisanakhulupirire.

Gologolo77
Koma woona chithunzi pakhoma adziwa bwanji zimenezo? Iye amangoona kuti ndi choyera.

MayiNamzeze
Amayi anga adziwa, achimwene. Ndi mayi wawo wowabala.

Gologolo77
Pamenepo ndamva. Komabe yesani pa mphamvu yochepa, musaitaye musanaione. Khoma ndi zovala imakonza bwino kwambiri.

Bwampini
Vuto lonseli layambira pa ISO 6400. Ine sindipitirira 800 zivute zitani. ISO yokwera ndi imene imabweretsa noise, aliyense amadziwa.

Nthanda
Bambo Bwampini, mundilole ndikutsutseni mwaulemu, chifukwa lamulo limeneli ndi limene limachititsa anthu ambiri kubwerera kunyumba ndi zithunzi zakuda kapena zogwedezeka. Ine ndimajambula nyenyezi, noise ndimalimbana nayo usiku uliwonse. Gwero lake lalikulu si ISO ayi, ndi kuchepa kwa kuwala.

Kuwala sikufika pa sensa, kachipangizo kolandira kuwala mu kamera, ngati madzi a mu paipi. Kumafika m'timadontho, ma photon, ndipo amagwa mwachisawawa. Taonani mvula ikamayamba pa simenti youma: poyamba pena panyowa pena pouma, mawangamawanga okhaokha. Ikagwa kwa nthawi, ponse pamanyowa mofanana. Pixel (kachigawo kamodzi kakang'ono ka sensa) imene imalandira ma photon pafupifupi 100 imasinthasintha ndi 10, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo 10. Imene imalandira 10,000 imasinthasintha ndi 100, gawo limodzi mwa magawo 100. Masamu ake ndi a square root, moti kuti noise ichepe ndi theka, kuwala kuyenera kuchuluka kanayi. N'chifukwa chake m'chithunzi chimodzi chomwecho noise imakhala m'malo amdima, osati owala, chikhalirecho ISO ndi imodzi ponseponse.

ISO ili ngati voliyumu ya wailesi imene siikugwira bwino siteshoni. Mukakweza mumva phokoso lija kwambiri, koma si voliyumu imene yalipanga. Chithunzi cha mayiwa chinali pa 6400 n'kukwezedwanso ndi +2, ndiye kuti kuwala kumene sensa inalandira kunali koyenera ISO 25600. Akanatsitsa ISO kufika 800 osasintha shutter ndi aperture, noise sikanachepa ngakhale pang'ono.

Bwampini
Ndiye bwanji ndikakweza ISO noise imachuluka? Maso anga amanama?

Nthanda
Sanama bambo. Koma mukakweza ISO kamera ili pa auto kapena pa aperture priority, imafupikitsa nthawi ya shutter, ndiye kuwala kolowa kumachepa. Chachulukitsa noise ndi shutter imene yathamanga. Yesani nokha madzulo ano. Ikani pa manual, shutter ndi aperture musasinthe. Jambulani chimodzi pa ISO 1600, china pa 6400, zonse RAW. Pa kompyuta kwezani cha 1600 chija ndi +2 kuti ziwale mofanana. Mupeza kuti zikufanana, kapena cha 6400 ndi chimene chayera pang'ono. Chifukwa chake n'chakuti palinso noise ina yochokera m'magetsi a kamera yeniyeniyo powerenga sensa, read noise, ndipo pa makamera ambiri kukweza ISO mkati mwa kamera kumaiphimba bwino kuposa kudzakweza Exposure pambuyo pake.

Bwampini
Ndiyesa. Ndikapeza zosiyana ndibwera ndi zithunzi zake.

Tsekwe
Ndionjezerepo za babu lachikasu lija, chifukwa nalo lili ndi mlandu. Sensa zambiri zili ndi sefa ya Bayer, imene Bryce Bayer wa ku Kodak analembetsa patent yake mu 1976: theka la ma pixel limaona zobiriwira, kota zofiira, kota zabuluu. Babu lachikasu limatulutsa kuwala kwabuluu kochepa kwambiri, ndiye ma pixel abuluu amakhala ndi njala. Mukakonza White Balance kuti khoma liyere, pulogalamu imachulukitsa buluu wochepayo kangapo, limodzi ndi noise yake. Mayi, musalimbane n'kuti khoma liyere ngati masana. Siyani kachikasu pang'ono, ndi mmene chipindacho chinkaonekera madzulo amenewo, ndipo zigamba zichepa zokha.

Kanyimbi
Pepani kulowerera. Ine zanga si timadontho koma mizere yopingasa, ina yowala ina yakuda, chithunzi chonse. Ndinajambula mu holo ya magetsi a LED. Denoise yakanika. Nayonso ndi noise?

Kadzidzi
Ayi, imeneyo si noise, n'chifukwa chake yakanika. Magetsi ena a LED amathima ndi kuyaka mofulumira kuposa mmene diso lingaonere. Ngati munali pa silent shutter, sensa imawerengedwa mzere ndi mzere kuchokera pamwamba kutsika, ndiye mizere ina imapeza getsi litayaka, ina litazilala. Ulendo wina gwiritsani ntchito mechanical shutter, ndipo yesani 1/50 kapena 1/100 kumene magetsi ndi a 50 Hz, 1/60 kapena 1/125 kumene ndi a 60 Hz. Makamera ena ali ndi anti-flicker mu menu.

Kanyimbi
Ndinalidi pa silent, sindimafuna kusokoneza oimba. Nanga zojambula kalezi?

Kadzidzi
Zimenezo n'zovuta, achimwene. Ngati mizere ndi yofewa mutha kuichepetsa ndi brush malo amodzimodzi, koma ndi ntchito ya maola. Sankhani ziwiri zitatu zofunikitsitsa.

Kafadala
Nonse mukukamba za Lightroom ngati aliyense ali nayo. Ine ndili ndi laputopu yakale yopanda graphics card yamphamvu. Ndinayesa AI ina, chithunzi chimodzi chinatenga nthawi yaitali moti laputopu inatentha ngati mbaula. Tilibe njira ife?

Chiswe
Njira ilipo, ndipo ndi yaulere. Ikani darktable kapena RawTherapee, zonse zimatsegula RAW. Mu darktable muli module yotchedwa denoise (profiled). Ubwino wake ndi wakuti anthu anayeza noise ya makamera ambirimbiri pa ISO iliyonse, ndiye pulogalamu ikawerenga dzina la kamera yanu ndi ISO imadziwa kale kukula kwa noise yoyembekezeka. Ili ndi njira ziwiri. Ya wavelets imagawa chithunzi m'magawo malinga ndi kukula kwa zinthu, timadontho ting'onoting'ono patokha, zigamba zazikulu pazokha, ndipo mutha kukankha kwambiri mtundu n'kusiya kuwala, monga anafotokozera a Kadzidzi. Ya non-local means, imene Buades, Coll ndi Morel anaifalitsa mu 2005, imafunafuna tizigawo tofanana m'chithunzi n'kutiphatikiza. Imeneyi ndi yolemera kwa laputopu yakale, yambani ndi wavelets. Ngati muli ndi JPEG yokha, GIMP ili ndi Noise Reduction pansi pa Filters ndi Enhance, ndipo mukaikamo G'MIC mupeza zida zina zambiri.

Wavelets, non-local means ndi Noise Reduction ya GIMP sizilosera zosakhalapo. Zikalakwa zimangosalaza, ndipo mumaona msanga kuti zalakwa.

Kafadala
Darktable ndinaitsegula kamodzi, ma module anandichulukira ndinaitseka.

Chiswe
Pali kabokosi kofufuzira pamwamba pa ma module. Lembani denoise, iyatseni, onani pa 100%. Nthawi zambiri mmene imayambira mpokwanira. Zinazo muziphunzira imodzi imodzi, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Njiwa_yoyera
Funso langa mwina ndi lachibwana, koma bwanji foni yanga usiku imajambula zoyera kuposa kamera yaikulu ya mchimwene wanga? Sensa ya foni si yaing'ono kwambiri?

Nthanda
Si lachibwana ayi, ndipo mwandikumbutsa chinthu chofunika kwa mayi athuwa. Sensa ya foni ndi yaing'onodi kwambiri poyerekeza ndi ya APS-C, imene ndi pafupifupi 23.5 mm ndi 15.6 mm, kapena full frame ya 36 mm ndi 24 mm. Koma foni sijambula chithunzi chimodzi. Mukadina, imajambula zingapo motsatizana, kuzilinganiza, n'kuziphatikiza. Google inabweretsa Night Sight pa mafoni a Pixel mu 2018, Apple n'kubweretsa Night mode pa iPhone 11 mu 2019. Noise imagwa malo osiyana pa chithunzi chilichonse pamene khoma ndi nkhope zili pomwepo, ndiye mukatenga avereji noise imafafanizana yokha. Zithunzi 4 zimadula noise ndi theka, 16 zimaisiya kota. Ife a nyenyezi timachita zomwezo ndi DeepSkyStacker, Siril kapena Sequator. Kenako foni imapakanso noise reduction yambiri pamwamba, n'chifukwa chake mukakulitsa muona udzu ndi tsitsi zikuoneka ngati penti.

Mayi, mwati muli ndi zithunzi zinayi. Ngati munajambula muli malo amodzi, mu Photoshop pitani pa File, Scripts, Load Files into Stack, chongani kuti izilinganize ndi kupanga Smart Object, kenako Stack Mode muike Mean. Mu GIMP sanjikizani zithunzi zinayizo ngati ma layer anayi, opacity yake 100, 50, 33 ndi 25 kuyambira pansi. Nkhope mutenge pa chithunzi chimodzi chabwino, koma khoma lonse liyera popanda kusalaza chilichonse.

MayiNamzeze
Ndayang'ana bambo. Zitatu ndinajambula ndili pamodzi, agogo atakhala phee. Koma chimene tonse tikufuna ndi chachinayi. Mng'ono wanga ananena kanthu koseketsa pakhomo, agogo anatembenuka akuseka, ine n'kusunthira kumanzere kuti ndiwapeze. Khoma silikugwirizana n'komwe ndi zinzake.

Nthanda
Ndiye njira yangayo isiyeni. Chachinayicho ndi chimene chili chofunika.

Mlenje_wa_mbalame
Pa khomalo pali njira ina yapafupi. N'chifukwa chiyani khoma likwezedwe ndi +2? Palibe amene adzayang'ane khoma. Bwezani Exposure ya chithunzi chonse pa +1 kapena kucheperapo, kenako ndi mask, chida chokonzera malo osankhidwa okha, kwezani nkhope ndi manja okha. Ngati nkhope inali kuyang'ana ku babu, ndiye inalandira kuwala kwambiri, noise yake ndi yochepa kale. Malo amdima mukawasiya amdima, noise yambiri imabisala momwemo. Slider ya Shadows, Clarity ndi Texture muzisamale nazo, zonsezi zimadzutsa mchenga.

Gologolo77
Ndipo mask yomweyo mutha kugwiritsa ntchito kusakaniza. Layer ya AI pansi, layer ya pamanja pamwamba, n'kufufuta pamene mukufuna. Sikuti muyenera kusankha mbali imodzi.

Kadzidzi
Apa ndagwirizana nanu, achimwene. Chenjezo limodzi lokha: khoma likasalala kwambiri nkhope ili ndi mchenga, munthu amaoneka ngati wadulidwa ndi sizasi n'kumatidwa pamenepo. Komanso khoma losalala kwambiri limayamba kuonetsa mikwingwirima pamene kuwala kukuzilala pang'onopang'ono, makamaka mukasunga pa 8-bit. Walira mvula walira matope. Mankhwala ake ndi kubwezerapo Grain pang'ono pa chithunzi chonse mukamaliza, pansi pa Effects, mwina 10 kapena 15. Zimamveka zosokoneza kuchotsa timadontho kenako n'kuikanso, koma oikidwawo ndi ofanana ponseponse ndipo alibe mtundu, ndiye amalumikiza zonse kukhala chithunzi chimodzi.

Njiwa_yoyera
Mu kamera ya mchimwene wanga muli Long Exposure NR. Ikanathandiza apa?

Nthanda
Ayi achemwali. Imeneyo ndi ya pamene shutter yatseguka masekondi angapo, sensa n'kutentha, ma pixel ena n'kumayaka ofiira kapena abuluu. Kamera imajambula chachiwiri cha nthawi yofanana shutter ili yotseka, n'kuchotsera. Pa 1/60 siigwira ntchito. Palinso High ISO NR, koma imeneyo imakhudza JPEG, RAW siisintha.

Tsekwe
Mayi, ine ntchito yanga ndi yosindikiza zithunzi, ndiye mverani ichi. Anthu ambiri amawononga zithunzi zawo chifukwa choweruza pa 200% kapena 300%, mphuno ili pa sikirini. Chithunzi chanu ndi ma pixel 6000 ndi 4000. Pepala la A3 ndi 297 mm ndi 420 mm, ndipo pa 300 ppi (ma pixel 300 pa inchi iliyonse) limafuna ma pixel pafupifupi 3508 ndi 4961 okha. Ndiye kuti chithunzi chanu chichepetsedwa kuti chikwane, ndipo pochepetsa, ma pixel oyandikana amaphatikizana, noise n'kutsikanso. Inki nayo imamwazika pang'ono papepala, ndipo munthu amaimirira mita imodzi kapena iwiri kuchokera pakhoma. Mchenga umene ukukusowetsani tulo pa sikirini, papepala umaoneka ngati maonekedwe a pepalalo. Koma khungu lopakidwa ngati pulasitiki limaonekera ngakhale uli pakhomo.

Musanatsukitse chachikulu, dulani kachigawo ka nkhope pa kukula kumene kadzakhale pa A3, mukasindikize pa kapepala kakang'ono. Pangani mitundu iwiri kapena itatu, mukaione pa kuwala kwa masana.

Bwampini
Ndabwerako. Ndayesa zija a Nthanda ananena, pa shelefu ya mabuku, 1/60, f/4. Cha 1600 chokwezedwa ndi cha 6400 pamalo owala zikufanana. M'malo amdima cha 1600 chili ndi kapepo ndi timizere, cha 6400 chilibe. Ndavomera. Koma ndikanenabe kuti ngati tripod ilipo ndipo chinthu sichikuyenda, ISO 100 ndi shutter yaitali ndiye mfumu.

Nthanda
Pamenepo palibe mkangano bambo, chifukwa shutter yaitali ndi kuwala kochuluka. Ngakhale lens ya f/2 m'malo mwa f/4 imalowetsa kuwala kanayi, noise n'kutsika ndi theka. Chinthu chimodzi chokha: pamalo owala kwambiri ISO yokwera imapsereza msanga, ndiye histogram, galafu yoonetsa kuwala kwa chithunzi, muziyang'anabe.

MayiNamzeze
Ndabweranso abale, patha masiku atatu. Ndinachita motere pa RAW ya chachinayi chija. Exposure +0.8, nkhope ndi manja ndinakweza padera ndi mask. White Balance ndinasiya kachikasu monga ananenera a Tsekwe. Color inathetsa zigamba pa 40. Masking ndinakoka mpaka 75, ndipo zoonadi mchenga unachepa pomwepo. Luminance ndinaimira pa 18.

Ndinapitanso kwa mnzanga amene ali ndi pulogalamu ya AI pa kompyuta yake. A Gologolo77 sananame, khoma ndi juzi zinatuluka bwino kuposa zanga, ulusi wa juzi unaoneka umodziumodzi. Nkhope nayo poyamba ndinaikonda. Koma nditaziika pambali ndi pambali ndinaona kuti chipsera chaching'ono chimene agogo anali nacho pamwamba pa nsidze yakumanzere chafifitika, chasanduka khwinya wamba. Pa RAW chikuoneka, ngakhale chili mkati mwa mchenga. Ndiye ndinasakaniza: khoma ndi juzi za AI, nkhope yonse ya pamanja, Grain 12 pamwamba.

Ndinasindikiza tizigawo tiwiri ta nkhope, ka AI ndi ka pamanja, n'kupatsa amayi osawauza kuti aka ndi kati. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anaika chala pa chipsera chija pa ka pamanja, n'kuyamba kutifotokozera kuti agogo anachipeza ali mtsikana atagwa mumtengo. Nkhani imeneyi ine sindinkaidziwa. Mchenga sanautchule n'komwe. Zikomo nonse, a Kadzidzi, a Tsekwe, a Nthanda, a Mlenje, ndi inu a Gologolo77.

Gologolo77
Ndasangalala mayi. Za chipserazo ndaphunzirapo, ndiyamba kufananiza ndisanatumize kwa anthu.

Kafadala
Nanenso darktable yatheka. Wavelets pa laputopu yangayi ikuyenda bwinobwino.

Tsekwe
Mwagwira ntchito yabwino mayi. Potumiza kosindikiza musadutsitse fayilo pa WhatsApp ngati chithunzi wamba, imapanikizidwa n'kuchepetsedwa, ntchito yonseyi n'kupita pachabe. Itumizeni ngati document kapena ikani pa flash, TIFF kapena JPEG ya quality yapamwamba, sRGB ngati osindikizawo sanakuuzeni zina. RAW zonse zinayi muzisunge malo awiri osiyana, mapulogalamu akusinthabe ndipo mwina mudzafuna kubwererako. Pepala mwasankha lanji, glossy kapena matte? Matte imabisa mchenga bwino, koma zakuda zake sizizama ngati pa glossy.

MayiNamzeze
Matte, bambo. Khoma limene tipachikepo layang'anizana ndi zenera, glossy ingamanyezimire masana onse.